Chowinda Changa ndi Dzanja Limene Linakana Choko

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu Atate, mwini mpweya umene ndikupuma, chifukwa dzanja limene likulemba mawu awa linali litafa, ndipo Iye analidzutsa. Ndithokozenso anamwino ndi madokotala amene anandigwira ngati mbale wawo, amuna anga amene anapachika ukonde pa nyengo ya usipa wambiri, akulu a pasukulu pathu a Saide, ndi akhristu anzanga a ku Chiwanga amene sanatope kutchula dzina langa m'mapemphero. Ndikulembera makamaka anzanga a pantchito amene mutu ukuwawawa lero, koma mawa alawirira kuntchito osauza munthu.

Ine ndine Lusiya, mphunzitsi wa ana aang'ono. Kwathu ndi ku Chiwanga, kunyanja. Kumeneko kuli amuna anga, amene ndi asodzi, ndi ana athu aakazi awiri, Tereza ndi Marita. Ntchito ndimagwira kumtunda, pasukulu ina ya kumudzi kupitirira Maniamba, ndipo pakati pa sabata ndimagona m'kanyumba ka pasukulupo.

Kuti mumvetse kupusa kwanga, ndiyenera kunena za chowinda. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndinakhala zaka zinayi osaitanidwa ntchito. Ndinkayanika usipa ndi amayi anzanga, mapepala anga a sukulu ali m'sutikesi pansi pa bedi. Chaka chachinayi, pa Lachitatu la Phulusa, ndinagwada kuguwa ndi kuwinda kuti: Ambuye, mukandipatsa ntchito, sindidzajomba ngakhale tsiku limodzi, ndipo chilichonse chimene adzandisenzetse sindidzachikana. Chaka chomwecho dzina langa linatuluka. Ndinadziwa kuti Mulungu wamva, ndipo ndinatsimikiza kuti nanenso ndisunga mbali yanga.

Pasukulu pali buku limene mphunzitsi aliyense amasainamo akafika m'mawa, timalitcha buku la ponto. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi mzere wanga m'bukumo unalibe mpata. Ndinkasaina ndili ndi malungo. Amalume anga atamwalira Lachinayi, ndinakafika pamaliro Loweruka, anthu ataika kale. Abale anandinena, koma ine mumtima ndinkati ndikuvutikira lonjezo langa.

Chaka chimene ndinadwala, sukulu itangotsegulidwa mu Febuluwale, mnzathu a Fatima anapita kutchuthi chokachira, ndipo mphunzitsi wina anasamutsidwa osabwera wolowa m'malo mwake. Pamsonkhano a Diretori Saide anafunsa kuti ndani atenge kalasi yachitatu ya masana. Onse anawerama. Ine ndinakweza dzanja. Kuyambira pamenepo m'mawa ndinkakhala ndi ana a kalasi yoyamba, oposa makumi asanu ndi awiri, masana ndi a kalasi yachitatu ochuluka chimodzimodzi. Pakati pa magulu awiriwa panali nthawi yongokwanira kumwa madzi ndi kutafuna chinangwa. Loweruka kunkakhala misonkhano ya aphunzitsi a m'dera, kapena makope ochonga amene anaunjikana. Lamulungu ndinkatsogolera mapemphero pakatchalitchi ka pafupi ndi sukulu, poti ansembe amafikako kamodzikamodzi. Kale ndinkatsika kunyanja Lachisanu lililonse pa chapa, minibasi ya kuno. Tsopano ndinayamba kutsika kamodzi pamwezi, ndipo ndikafika ndinkangogona.

Chizindikiro choyamba chinabwera sabata yachiwiri ya Lenti. Ndinkadzuka mutu ukuwawa kunkhongo, ngati wina wandimanga chingwe. M'makutu munkalira. Ife a kunyanja mutu uliwonse timati malungo, choncho ndinagula mapiritsi pakagolosale ndi kumwa osayezetsa. Ululu unkazilala pang'ono ndi kubweranso. Pasaka itapita, zala za dzanja lamanja zinayamba kuchita dzanzi. Ndikamalemba pabolodi choko chinkandipulumuka, ana n'kumathamangira kutola. Tsiku lina ndinatuluka magazi m'mphuno ndili pakati pophunzitsa. Ndinatseka ndi nsonga ya chitenje ndi kupitiriza.

Amene anaona choyamba anali a Saide. Iwo ndi bambo achikulire, Msilamu wa ku Metangula, wokonda nthabwala. M'mawa wina anandiitana mu ofesi, buku la ponto lili chitsegulire patebulo.

"A Profesora, bwerani muone. Iyi ndi saini yanu ya Febuluwale. Iyi ndi ya lero. Kodi m'buku mwanga mwayamba kuyenda nkhuku?"

Ndinayang'ana. Dzina langa linali litapendekeka, zilembo zomaliza zikutsetsereka pansi pa mzere.

"Ndi cholembera, a Diretori."

"Cholembera n'chomwecho chimene tonse tikusainira. Mawa musabwere. Pitani kuchipatala akakuyezeni, ana anu ndiwagwira ine."

"Ndili bwino. Ndipita tikatsekera."

Anandikakamiza kawiri, ine ndinakana kawiri. Za chowinda sindinawauze. Ndinkaona ngati ndi chinsinsi cha ine ndi Mulungu, ndiponso ndinkaopa kuti munthu wa chipembedzo china andiseka. Chipatala chaching'ono chili ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pasukulu. Ndikanapita tsiku limenelo, mwina nkhani ino sikanakhalapo.

Linali Lachiwiri, sabata yoyandikira Pentekoste, kuzizira kutayamba. Ndinalowa m'kalasi ya masana ndi kuyamba kulemba tsiku pabolodi. Dzanja linatsika lokha ngati la munthu wina. Ndinatembenuka kuti ndiuze ana akhale chete, koma lilime linalemera, mawu anatuluka osokonekera. Ana anaseka, ankayesa ndikuwaseweretsa. Kenaka kuseka kunaleka, chifukwa anaona kuti pakamwa panga papotoka. Ndinatsamira bolodi ndi kutsetsereka mpaka pansi. Ndinkamva zonse, koma mwendo ndi dzanja lamanja sizinkandimvera.

A Saide anandikweza pa njinga yawo yamoto, anandimangirira kumsana kwawo ndi chitenje changa ngati mwana, ndipo mphunzitsi mnzanga anakhala kumbuyo kundigwira. Kuchipatala chaching'ono namwino anandimanga lamba pamkono, anayang'ana, anamasula ndi kuyezanso. Anati, "Tensawu yapitirira mazana awiri. Mayi awa ankayenda bwanji?" Tensawu ndi kuthamanga kwa magazi. Anandipatsa mankhwala ndi kuitanitsa ambulansi. Tinadikira mpaka dzuwa litapendeka, ndipo ananditengera kuchipatala chachikulu ku Lichinga.

Kumeneko ndinagona masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Adokotala anati ndi trombozi, matenda amene ife timati kufa ziwalo. Anafotokoza kuti magazi akhala akuthamanga kwa nthawi yaitali osathandizidwa, mpaka njira ina ya magazi m'mutu inatsekeka. Anati ndili ndi mwayi kuti yanga inali yaing'ono ndiponso anandithamangitsira kuchipatala tsiku lomwelo.

Moyo wa m'wodi uli ndi dongosolo lake. Kukangocha anamwino amabwera kudzayeza magazi ndi kutentha kwa thupi. Kenaka odikirira odwala amatulutsidwa kuti akolope. Cha m'ma naini koloko adokotala amazungulira bedi ndi bedi, ndipo ukaphonya kufunsa funso lako pamenepo, udikira mawa. Masana ndi kudikira basi: kudikira mankhwala, kudikira zotsatira za magazi, kudikira nthawi ya alendo. Lichinga ndi kozizira kwa munthu wa kunyanja. Mlamu wanga a Esitere, amene ankandidikirira, ankagona pansi pamphasa atavala majuzi awiri. Iwowa ndiwo ankandisambitsa, kundidyetsa phala ndi supuni, ndi kundiperekeza kuchimbudzi. Ine amene ndinkaphunzitsa ana kugwira pensulo, sindinkatha kumanga chitenje changa. Amuna anga ankagona kwa wachibale mumzinda ndi kubwera nthawi ya alendo. Ankakhala pambali pa bedi, atagwira dzanja lakufalo.

Ndinene zoona, chimene chinkandiwawa kwambiri sichinali dzanja. Unali mzere wanga m'buku la ponto. M'mawa uliwonse ndinkaona m'maganizo mpata wina ukutseguka, ndipo ndinkati ndaswa chowinda, Mulungu atenga ntchito imene anandipatsa. Tsiku lachisanu, lilime litayamba kumasuka, ndinapempha adokotala kuti anditulutse, ndikaphunzitse ngakhale chokhala pampando. Iwo anandipatsa cholembera chawo kuti ndigwire. Chinagwa pabulangete. Anati, "Amayi, mukabwerera ku moyo umene munali nawo, yachiwiri ibwera, ndipo yachiwiri sichita chifundo. Dzanja ili likhoza kubwerera, koma lifuna miyezi ndi khama lanu."

Loweruka lotsatira a Saide anafika ndi thumba la malalanje. Anakhala pampando, anavula kofia yawo ndi kuipinda m'manja. Anati, "A Profesora, ndabwera kudzapepesa. Ndinkadziwa kuti mukakhala pamsonkhano sindivutika, dzanja lanu likwera. Ndinasenzetsa munthu wosakana chifukwa kunali kophweka kuposa kukangana ndi okana. Limenelo ndi tchimo langa."

Mawu amenewa anandithyola mtima, ndipo ndinawauza zonse za chowinda, movutikira, lilime likukokeka. Sanaseke. Anati, "Ine za tchalitchi chanu sindizidziwa, mukafunse ansembe anu. Koma buku la ponto ndimasunga ndine, ndipo Mulungu sanabwerepo mu ofesi mwanga kudzaliyendera. Mumzere mwanu ndalemba kuti mukudwala. Umenewo si mpata." Amuna anga, amene anali pambali pa bedi, anaseka kwa nthawi yoyamba chifikireni.

A Saide sanathere pa mawu. Mapepala a tchuthi cha matenda anawayendetsa okha, anapita ku ofesi ya maphunziro ku Metangula katatu kufikira atasainidwa. Ana anga a m'mawa anawatenga iwo eni, a masana anawagawa kwa aphunzitsi awiri. Anandiletsa kuimba foni kufunsa za sukulu. Nditaimba tsiku lina, anayankha kuti, "Nambala imeneyi siilandira odwala," ndipo anadula.

Nditatulutsidwa anandibweretsa kwathu ku Chiwanga. Ndinkayenda ndi ndodo, mwendo ukukokeka. Mkono ndinkautukula pang'ono, koma zala zinali zopindika. Anandipatsa mapiritsi a tsiku lililonse, anandiletsa mchere wambiri, ndipo mayi wophunzitsa odwala kulimbitsa ziwalo anandiuza kuti ndizitola tinthu ting'onoting'ono kambirimbiri patsiku, nyemba kapena timiyala, ngakhale zala zikane.

Sabata yoyamba ansembe athu anabwera kudzandipatsa Mgonero kunyumba. Ndinawaululira za chowinda, ndi mantha anga onse. Anandifunsa mawu enieni amene ndinanena kuguwa, ndipo ndinawabwereza. Anati, "Amayi, amene munamulonjezayo ndi Atate, si kapitawo. Iye mwini anagwira ntchito masiku asanu ndi limodzi napuma, ndipo analamula kuti ngakhale ng'ombe ipume. Inu munadziika pansi pa ng'ombe. Munalonjezanso china paguwa lomwelo tsiku la ukwati wanu, ndi china pamene munkabatizitsa ana awa. Malonjezo amenewo mwawasunga bwanji?" Anandipempherera, anandisanjika manja, nati chimene ndinawinda mwa mantha Mulungu wachilandira mwa chifundo, ndipo ndine womasuka.

Sindinamasuke tsiku lomwelo. Koma poti ndinali ndi nthawi, ndinayamba kuwerenga Malemba mofatsa, ndikutsegula masamba ndi dzanja lamanzere. Ndinapeza zimene ndinkaziwerenga kale osaziona. Mneneri wina atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanamudzudzule, anamupatsa mkate ndi madzi namuleka agone. Mtsogoleri wamkulu uja wa m'chipululu anauzidwa ndi apongozi ake kuti agawe ntchito, chifukwa akapitiriza yekha alefuka iye ndi anthu omwe. Ambuye mwini anaitanira ophunzira ake padera kuti akapume, makamu a anthu akuwafunabe. Ndinazindikira kuti chimene ndinkachitcha kukhulupirika chinali ndi kunyada mkati mwake. Ndinkafuna kulipira mphatso.

Kunyumba ndinapezanso zimene ndinataya osadziwa. Tereza anali atatha msinkhu m'mwezi wa Epulo, ndipo amene anamulangiza ndi azakhali ake. Ine ndinali kumtunda kuchonga makope, ndipo palibe anandiuza, poti ankati amayi ndi otanganidwa. Tsiku lina akundipesa tsitsi pakhonde, ananena mosaganizira kuti, "Amayi, bola mwadwala, tikukuonani." Atazindikira chimene wanena anatseka pakamwa ndi dzanja. Sindinamukalipire. Mwanayo ananena zoona, ndipo mawu ake anandilasa kuposa a adokotala.

Tsopano za dzanja. Nyemba ndinayesa masiku atatu, zinkanditopetsa ndi kundiliritsa ndili ndekha m'nyumba. Amuna anga ndiwo anati, "Amake Tereza, nyemba zilibe nkhani. Tiyeni kumathandala." Mathandala ndi matebulo a bango amene timayanikapo usipa. M'mawa uliwonse ankandikweza panjinga ndi kuikankha mpaka kumchenga, kundisiya ndi amayi oyanika. Ntchito yanga inali kutembenuza usipa mmodzimmodzi ndi dzanja lamanja lokha, lamanzere nditalimangira kumbuyo ndi mpango kuti lisathandize. Tsiku loyamba ndinatembenuza nsomba khumi ndi imodzi, thukuta lili kamukamu. Amayi anzanga sanandimvere chisoni chonamizira. Wina anati, "Aphunzitsi, pa liwiro limeneli usipa uwu udzauma mvula itagwa." Wina anati, "Msiyeni, akuwachonga mmodzimmodzi." Ndinaseka ndi pakamwa panga popotokapo, ndipo mawa lake ndinabweranso.

Panali masiku amene zala zinkakaniratu, ndipo ndinkabwerera kunyumba ndi mtima wolemera, ndikufunsa ngati ndidzagwiranso choko. Koma ndinatsimikiza kuti ngati Mulungu wandisiyira dzanja limeneli, sindilikwirira pansi. Pofika Ogasiti ndinkamaliza thandala lonse. Ndinayamba kulemba pamchenga ndi kamtengo, zilembo zikuluzikulu ngati za ana anga a kalasi yoyamba. Kenaka ndi khala pachipupa cha khitchini. Marita, wa zaka zisanu ndi ziwiri, ankandichonga, ndipo sankakondera. Mu Okutobala ndinasiya ndodo.

Mwezi uliwonse ndinkapita kuchipatala ku Metangula kukayezetsa ndi kutenga mankhwala. Umayenera kulawirira, kuika kabuku kako pamulu, ndi kukhala pabenchi mpaka dzina lako liitanidwe, nthawi zina dzuwa lili pamutu. Pabenchipo ndinaona kuti matendawa si a anthu olemera kapena onenepa okha monga timanenera. Panali asodzi, amayi ogulitsa pamsika, ndi aphunzitsi anzanga awiri. Mwezi wina ndinamva bwino kwambiri ndipo ndinaleka mapiritsi sabata imodzi. Namwino anazindikira atangoyeza. Anati, "Mankhwala awa si a malungo oti mumamaliza. Mukumva bwino chifukwa mukumwa." Kuyambira pamenepo sindinadumphenso. Za mchere, banja lonse linalowa m'chilango. Amuna anga amadandaula mpaka lero kuti ndiwo zapanyumba pano zikukoma ngati madzi a m'bwato, koma nawonso anakayezetsa, ndipo tensawu yawo inapezeka itayamba kukwera.

Ndinabwerera kuntchito sukulu itatsegulidwa chaka chotsatira. Ndisanayambe, a Saide anandikhazika pansi ndipo tinagwirizana: kalasi imodzi ya m'mawa yokha, tsiku la chipatala mwezi uliwonse popanda kupempha kawiri, ndipo Lachisanu ndikaweruka ndizikwera chapa kupita kwa ana anga. Mapemphero a Lamulungu kumtunda ndinawasiyira bambo wina wa mumpingo momwemo, amene ankatha kutsogolera kuyambira kale koma sindinkamupatsa mpata.

Mayeso enieni anabwera patapita miyezi itatu. Mphunzitsi wina anapita kukawonjezera maphunziro, ndipo kalasi ya masana inakhalanso yopanda mwini. Tsiku la msonkhano a Saide anali ku Metangula, ndipo ankatsogolera ndi wachiwiri wawo. Anafunsa kuti ndani aitenga. Onse anawerama monga kale, kenaka maso anayamba kutembenukira kwa ine mmodzimmodzi. Wina anati, "A Lusiya achira tsopano, komanso anawo amawadziwa." Ndinamva mawu akale aja mkati mwanga akuti wosayamika iwe. Ndinapemphera chamumtima, kenaka ndinati, "Ine ayi. Sindingathe. Tiyeni tigawane." Moyo wanga wonse wa pantchito ndinali ndisananenepo mawu amenewo. Tinakangana ola lathunthu, ena anandikwiyira, koma pamapeto pake kalasiyo inagawidwa kwa anthu atatu, ndipo ana anaphunzira. Lachisanu lake ndinatsika kunyanja.

Lero ndili bwino. Tensawu ili m'malo mwake. Ndimalemba pabolodi pang'onopang'ono, ndipo kukazizira chala chaching'ono chimauma. Ndikatopa mwendo umakoka pang'ono, ndipo ndaphunzira kuumvera. Tereza amandiuza zinthu zake tsopano.

Kwa inu anzanga ndikuti, mutu wa kunkhongo umene subwerera m'mbuyo, dzanzi la m'zala, kulira kwa m'makutu, musazitche malungo musanayezetse. Kuyeza tensawu sikutenga nthawi ndipo sikupweteka. Mukaona munthu pakamwa papotoka, mawu asokonekera kapena dzanja lagwa, musayambe mwamugoneka kuti apume, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Uzani akulu anu a pantchito katundu akakulemerani, musadikire kuti aone okha, chifukwa si onse amayang'anitsitsa ngati a Saide. Inu amene mumayang'anira anzanu, samalani kwambiri ndi wantchito wosakana uja. Ndipo inu okhulupirira anzanga amene munalonjeza kanthu kwa Mulungu pa nthawi ya msauko, kafunseni kwa abusa anu ngati mukulisenza moyenera, lisanakuthyoleni.

Mulungu wa chifundo, amene adziwa kuti ndife dothi, akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu. Alimbitse manja anu pa ntchito, akupatseni akulu omva, ndi mtima wolimba wonena pamene mwalema. Inu odwala akudzutseni, inu odikirira odwala akutonthozeni, ndipo akubwezeni kwa ana anu mukadali ndi mphamvu zowanyamula. Mtendere wake ukhale pa inu nonse. Amen.